Alipo mu Blantyre muno amene amamvera chimbale cha rock mpaka kumapeto?

Chiperoni97
Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga m'gulu muno osayankhapo, koma lero ndili ndi funso. Loweruka lapitali magetsi anazima kwathu ku Bangwe cha m'ma 4 koloko madzulo, kunja kuli chiperoni choti ngakhale phiri osaliona. Foni inali ndi moto wokwanira, ndiye ndinafunda bulangete, kuvala mahedifoni, n'kuyika OK Computer ya Radiohead. Sindinadumphe nyimbo ngakhale imodzi. Nyimbo 12, mphindi 53.

Chimbale chimenechi chinatuluka mu 1997 ndipo ndakhala nacho zaka zoposa khumi, koma ndinkangotolamo ziwiri zitatu zondisangalatsa n'kusiya zinazo. Loweruka m'pamene ndinachimva ngati chinthu chimodzi. Chimayamba ndi munthu amene wapulumuka pa ngozi ya galimoto. Chimatha ndi nyimbo yoyenda pang'onopang'ono yodandaulira munthu wothamanga kuti achepetse liwiro, kenako kabelu kamalira kamodzi kokha, basi zii. Pakati pake pali kanthu kosakwana mphindi ziwiri, mawu a kompyuta akungowerenga malangizo a mmene munthu wolongosoka ayenera kukhalira: kudya bwino, kulimbitsa thupi, kusamwa kwambiri. Kale ndinkakadumpha poganiza kuti si nyimbo. Ulendo uno kanandibaya, chifukwa mawuwo alibe mtima ngakhale pang'ono, pomwe nyimbo zonse zokazungulira ndi za munthu amene akulimbana kuti mtima wake usaume.

Ine ndimakwera maminibasi awiri m'mawa uliwonse, ya ku Limbe kenako ya m'tauni kudzera pa Highway. Tonse tothinana, aliyense maso pa foni, wolankhula ndi kondakitala yekha. Anyamata a ku Oxford amenewa ankayimba za kwawo, koma kutopa kumene akukunenako ndimakuona pankhope za anthu tikaima pa Chichiri.

Chondiwawa n'chakuti ndilibe womuuza. Ku ntchito amati ndi phokoso la azungu, kunyumba amati ndi nyimbo za maliro. Ndiye ndikufunsa, alipo muno amene amakhala pansi n'kumvera chimbale cha rock, indie kapena alternative kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza? Ndi chiti chinakugwirani, ndipo munali kuti?

AmapianoBasi
Aise, ola lathunthu uli phee mu mdima? Nyimbo ntchito yake ndi kuchotsa nkhawa. Zimene ukunenazi zikuwonjezera nkhawa. Ine ikapanda kundigwedeza m'chiuno ndimapita pa ina.

NaphiriWaSoche
Achimwene a Chiperoni, simuli nokha. Changa choyamba chinali No Need to Argue cha The Cranberries, cha 1994. Achemwali anga aakulu anabwera ndi kaseti yake kuchokera ku Joni, chikuto chitang'ambika kale, ndipo tinkayiimba pa wailesi ya mabatire tikuchapa Loweruka. Chingerezi cha ku Ireland sindinkachimva bwinobwino nthawi imeneyo. Chimene ndinkamva ndi mmene mawu a Dolores O'Riordan amathyokera pakati pa liwu, ngati mayi amene akulira maliro koma akuyesa kudzigwira. Atamwalira mu January 2018 ndinadandaula ngati wachibale.

Pa kaseti kudumpha nyimbo kunali kudya mabatire, ndiye unkangomvera zonse. Nyimbo imene unkaida mwezi woyamba inkadzakhala yokondedwa mwezi wachitatu. Pa foni mwayi umenewo nyimbo sitiipatsa.

Koma za Radiohead tisiyane pang'ono. Ine In Rainbows ya 2007 ndi imene ndimaiika patsogolo. OK Computer ndi yozizira. In Rainbows ili ndi magazi, ng'oma zake zikuyenda, ndipo woyimba wawo Thom Yorke akuyimba ngati munthu amene amakonda winawake, osati wongoopa dziko.

Chiperoni97
Achemwali, kuzizirako n'kumene ndimakufuna. Koma ndikuvomera kuti In Rainbows ili ndi ng'oma zokoma kuposa. Ndi ija anaitulutsa okha pa intaneti n'kunena kuti aliyense alipire zimene angathe, ngakhale osalipira kanthu.

WaKaunjikaLimbe
Ine nyimbo zake sindizidziwa kwenikweni, koma mayina onsewa ndimawagwira m'manja tsiku lililonse. Ndikatsegula belo la matisheti sipalephera kutuluka ya Nirvana ya kankhope kachikasu kaja, ya Ramones, ya Metallica, ya AC/DC. Zakuda zimenezi zimapita msanga, anyamata a ku koleji amalimbirana. Tsiku lina ndinafunsa mnyamata wina kuti kodi Nirvana n'chiyani, anati ndi kampani ya zovala. Inenso ndinkaganiza choncho mpaka mwana wa mlongo wanga atandionetsa pa YouTube. Ndiuzeni poyambira, ndikufuna ndidziwe chimene ndikugulitsa.

MphunzitsiChirimba
Bambo a kaunjika, funso lanu ndi labwino. Nirvana anali anyamata atatu a chigawo cha Washington ku America. Chimbale chawo choyamba, Bleach cha 1989, anachijambula ndi ndalama zongopitirira pang'ono madola 600, n'kutulutsidwa ndi kakampani kakang'ono ka ku Seattle kotchedwa Sub Pop. Mawu akuti indie amachokera pamenepo: oyimba amene ali ndi timakampani toyima patokha, osati makampani akuluakulu. Pambuyo pake m'pamene anthu anayamba kuwagwiritsa ntchito ngati dzina la chamba cha nyimbo.

Chodziwika kwambiri ndi Nevermind cha 1991. Mu January 1992 chinachotsa Dangerous ya Michael Jackson pa nambala wani ku America, ndipo amene mukukumbukira kukula kwa Michael Jackson nthawi imeneyo mukudziwa kuti sizinali zamasewera. Kapangidwe ka nyimbo zake n'kosavuta kumva: ndime imayenda motsitsa, bezi ndi ng'oma basi, kenako pa kolasi zonse zimaphulika. Woyimba wawo Kurt Cobain yekha ankavomera kuti njira imeneyi anaitengera kwa a Pixies.

Koma inu musayambire pamenepo. Yambani ndi MTV Unplugged in New York, imene anajambula mu November 1993. Magitala ake ndi ofatsa, siteji yazunguliridwa ndi makandulo ndi maluwa, ndipo mawu a mnyamatayo akumveka bwinobwino mpaka kupuma kwake. Nyimbo yomaliza ndi yakalekale ya anthu akuda ndi a kumapiri a ku America, ndipo chakumapeto amaikweza mpaka kukhosi kumachita ngati kung'ambika. Miyezi isanu yokha pambuyo pake, mu April 1994, anamwalira ali ndi zaka 27. Mukamva chimenecho, phokoso la Nevermind mudzalimva mosiyana, chifukwa mudzakhala mukudziwa munthu amene ali mkati mwake.

ZingwangwaRiff
Aphunzitsi, apa ndiye ayi. Kumuyambitsa munthu Nirvana ndi Unplugged kuli ngati kumupatsa nsima yopanda ndiwo n'kumuuza kuti wadya. In Utero ya 1993 ndiye Nirvana yeniyeni. Steve Albini anaijambula mwakuti ng'oma zimamveka ngati uli nazo m'chipinda chimodzi, palibe kupaka mafuta. Nevermind inasalazidwa kwambiri.

MphunzitsiChirimba
Amwene, munthu amene sanamvepo rock ukamuyika In Utero tsiku loyamba sadzabweranso. Ine ndimaphunzitsa ana, ndikudziwa kuti suyamba ndi phunziro lovuta.

MwanaWaMbusa
Ndilankhuleko chinthu chimene enanu mukuchizemba. Ambiri a ife tinakula tikuuzidwa kuti rock ndi ya satana. Ndili Fomu 3 mnzanga anandiikira Hybrid Theory ya Linkin Park pa sidi. Mayi anga atamva kukuwa kuja kuchipinda kwanga anaitenga n'kuiponya pa mbaula, madzulo ake kunali mapemphero a ine ndekha. Sindiwaimba mlandu, ankanditeteza mmene ankadziwira. Koma ine chaka chimenecho ndinali ndi mkwiyo umene ndinalibe nawo mawu, bambo anga atangomwalira kumene, ndipo aliyense ankandiuza kuti ndilimbe mtima. Chimbale chija chinali chokhacho chimene chinkandilola kusalimba mtima. Mpaka pano ndimapemphera, ndimayimba kwaya, komanso ndimamvera Linkin Park. Komabe nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndikulakwa, makamaka ndikaona zigaza ndi nyanga pa zikuto za magulu ena.

BeziYaNdirande
Mchimwene wanga, pepa za bambo. Ine ndimayimba bezi ku tchalitchi kwathu zaka 14 tsopano, ndiye ndikuyankhe monga mnzako wa m'chikhulupiriro.

Alipo magulu ena a metal amene amaseweretsa zizindikiro zimenezo, ena pofuna kuopseza anthu kuti agulitse, ndipo sukukakamizidwa kuwamvera. Inenso sindiwamvera. Koma chamba chonsecho sichinachokere kumeneko. Kafufuze mayi wotchedwa Sister Rosetta Tharpe. Anali woyimba nyimbo zauzimu wa mpingo wa Chipentekoste ku America, ndipo ankaliza gitala yamagetsi mwaukali m'zaka za m'ma 1940, Elvis asanadziwike n'komwe. Chuck Berry ndi Little Richard anabwera pambuyo pake. Muzu wa rock uli m'tchalitchi cha anthu akuda ndi mu blues.

Ndipo phokoso limene mayi ako analiopa si mzimu ayi. Ndi ampu imene yapatsidwa mphamvu yoposa msinkhu wake, mawu n'kuyamba kusweka m'mbali. Ifeyo ku tchalitchi zimatichitikira mwangozi sabata iliyonse sipika ikachepa. A rock anangomva kuti kuswekako kukukoma n'kupanga kabokosi kopondapo kuti azikupeza nthawi imene akufuna. Kanga ndinakagula kogwiritsidwa kale ntchito mu msika wa Limbe, kopanda chivundikiro cha batire, ndimakamanga ndi labala.

MwanaWaMbusa
Zikomo akulu. Mayi amenewo ndawaona pompano pa YouTube, akuyimba pa siteshoni ya sitima atavala chikhoti chachitali, gitala ili pachifuwa. Ndikawaonetsa mayi anga Lamulungu.

KabazaMachinjiri
Zonsezi n'zabwino koma bandulo mukuidziwa mtengo wake? Chimbale chimodzi pa YouTube ndiye kuti data ya tsiku lonse yapita. Ine ndimakaika nyimbo pa memory card kwa anyamata oika nyimbo aja, ndipo ukawafunsa rock amakupatsa Westlife.

NaphiriWaSoche
Zoona zimenezo, inenso anandipatsapo Celine Dion. Njira yanga ndi bandulo ya usiku. Ndimatsitsa chimbale chimodzi chokha, osati makumi awiri, n'kukhala nacho sabata yonse. Mawu okha popanda kanema sadya data yambiri.

ZingwangwaRiff
Ndipo musamvere pa sipika ya foni chonde. Bezi yonse imasowa. Ngakhale timahedifoni ta pa msika tili bwino kuposa pamenepo, bola mbali zonse ziwiri zikugwira. Pa OK Computer pali oliza gitala atatu, wina ali khutu lamanzere wina lamanja. Ukamvera ndi khutu limodzi wataya theka la nyimbo.

KabazaMachinjiri
Ine pa njinga ndimavala khutu limodzi, linalo ndi la magalimoto. Ndiye ndizimvera ndikaweruka.

MadalaAKaseti
Ana anga, ndawerenga zonse kuyambira pamwamba, ndipo chikundidabwitsa n'chakuti nonse mukuyang'ana ku England ndi ku America ngati kuti rock sinayimbidwepo m'chinenero chathu. Ndiloleni nditalikitse.

Bambo anga ankagwira ntchito ku migodi ku Kitwe, ndipo ine ndinakulira ku Wusakile mpaka tinabwerera kuno ndili mnyamata wamkulu. M'zaka za m'ma 1970 Copperbelt yonse inali magitala. Kunali WITCH, dzina lake kutanthauza We Intend To Cause Havoc, woyimba wawo Emmanuel Chanda amene tonse tinkamutcha Jagari chifukwa ankadumpha pa siteji ngati Mick Jagger. Kunali Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga. Kunali Amanaz. Kunali Paul Ngozi ndi Ngozi Family, amene gitala yake inkalira ngati macheka, ndipo nyimbo zina ankaziyimba m'Chinyanja choti agogo anu akanamva liwu lililonse. Masiku ano amazitcha Zamrock.

Zinatheka bwanji? Mkuwa unali ndi mtengo, ogwira ntchito m'migodi anali ndi ndalama ya Loweruka, ndipo maholo a migodi ankafuna mabandi. Ku Ndola kunali fakitale yopanga mbale za galamafoni. Kenako Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dzikomo. Mnyamata aliyense wodziwa kugwira nsambo anapeza ntchito.

Zimbale ziwiri za 1975 ndikufuna muzimve. Lazy Bones ya WITCH ndi yothamanga, yovinika. Africa ya Amanaz ndi ina, yodekha, ngati utsi wa m'mawa. Mkulu wanga anaigula ndi malipiro ake oyamba, anaibweretsa ataikulunga mu nyuzipepala, ndipo tinaimvera pa galamafoni ya aneba titakhala pa simenti anthu asanu ndi mmodzi, wina aliyense osatsokomola. Mbali yoyamba itatha, mkulu wanga anapukuta mbaleyo ndi mpango wake asanaitembenuze. Fungo la mbale yatsopano ija ndikulikumbukira mpaka lero.

Zinatha momvetsa chisoni. Mtengo wa mkuwa unagwa, anthu analibenso ndalama ya zosangalatsa, kunabwera malamulo oletsa kuyenda usiku chifukwa cha nkhondo za m'maiko oyandikana, disco inalowa, kenako Edzi inatenga oyimba ambiri m'ma 1980. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Jagari anakaphunzitsa sukulu, pambuyo pake anakakumba miyala yamtengo wapatali. Patapita zaka zambiri kampani ya ku America yotchedwa Now-Again inatulutsanso zimbale zimenezi, ndipo WITCH inadzuka, mu 2023 inatulutsa chimbale chatsopano, Zango. Mdzukulu wanga anabwera akuthamanga kudzandimvetsera nyimbo ya Tyler, the Creator ya 2024, ati agogo mvani akuyimba Chichewa. Nditamvetsera ndinapeza kuti ndi Ngozi Family ya 1977 imene anaidula n'kuikamo. Ndinakhala pansi osalankhula.

Chiperoni97
Madala, zikomo kwambiri. Dzina la WITCH ndinalionapo koma sindinkadziwa zonsezi. Funso langa, nanga kuno kwathu bwanji sizinachitike? Zambia ndi pompa.

MphunzitsiChirimba
Yankho lalikulu ndi ulamuliro wa nthawiyo. Wailesi inali imodzi yokha, MBC, ndipo kanema anabwera mu 1999. Lamulo lokhazikitsa Censorship Board linalipo kuyambira 1968. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe loletsa amayi mathalauzi ndi masiketi aafupi, amuna tsitsi lalitali linali mlandu, alendo ankametedwa pa bwalo la ndege la Chileka. Ngakhale nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchula dzina la Cecilia inaletsedwa. M'dziko lotero gulu lotchedwa We Intend To Cause Havoc likanagona kuti?

NaphiriWaSoche
Aphunzitsi, zimenezo n'zoona koma si zokhazo. Zambia nayonso inali ya chipani chimodzi kuyambira m'ma 1970 momwemo. Kusiyana kwina ndi ndalama. Iwo anali ndi migodi ndi matauni odzaza anthu olandira malipiro. Ife amuna athu ankapita ku Wenela ndi ku Rhodesia kukagwira ntchito, ndipo zimene ankabwera nazo ndi kwela, simanjemanje ndi rumba. Gitala yamagetsi, ampu ndi ng'oma za bandi anali nazo ndani? Mahotela, a polisi, asilikali, MBC, kenako mipingo monga ku Balaka kumene kunachokera Alleluya Band. Mwini zida ndi amene amasankha nyimbo.

BeziYaNdirande
Achemwali mwalasa. Mpaka lero zili choncho, oliza gitala abwino mu Blantyre muno ambiri tinaphunzirira ku tchalitchi chifukwa n'kumene kuli zida.

Koma ine sindivomera kuti tinalibe zathu. Mvetserani Daniel Kachamba wa ku Chileka, yekha ndi gitala, chala chachikulu chikuyenda bezi, zinazo zikuyimba pamwamba, ukhoza kulumbira kuti ndi anthu awiri. Mvetserani Allan Namoko wa ku Thyolo ndi Chimvu River Jazz Band, munthu wosaona, mawu okanda ngati msasa, palibe chosalaza. Ngati indie ndi kuyimba zako ndi zida zimene uli nazo popanda bwana wokuuza chochita, Namoko ndi indie kuposa anyamata ambiri a ku London. Lero a Madalitso Band, anthu awiri okha, gitala, babatoni ndi ng'oma yomenya ndi chidendene, anachokera m'misewu ya ku Lilongwe, zimbale zawo zikutulutsidwa ndi Bongo Joe ya ku Geneva ndipo akuzungulira ku Ulaya. Amene amawagula kumeneko ndi omwewo amagula Radiohead. Kuno timawadutsa.

ZingwangwaRiff
Akulu, ndimawalemekeza a Namoko koma tisasakanize. Rock ndi rock. Tikayamba kutcha chilichonse indie ndiye kuti mawuwo alibenso ntchito.

BeziYaNdirande
Sindinati ndi rock. Ndati mtima wake ndi umodzi.

Namiwawa_88
Ndalowa mochedwa. Changa ndi chimbale choyamba cha Vampire Weekend cha 2008. Ndinachimva ndili ku koleji, ndipo gitala itangoyamba ndinaima, chifukwa inkalira ngati ya ku Congo, yoyera, yodumphadumpha, yopanda kusweka kuja. Nyimbo ina mpaka ili ndi kwasa kwasa m'dzina lake. Anali anyamata a pa Columbia University ku New York. Chimbalecho n'chachifupi, mphindi 34 zokha, chilibe nyimbo yongodzazira malo.

MphunzitsiChirimba
Chimenecho ine chimandivuta. Ana a sukulu yodula atenga kalizidwe ka ku Kinshasa ndi ku Soweto, dziko lonse liwaombera m'manja kuti abweretsa zatsopano, pomwe Diblo Dibala analiza zimenezo zaka makumi awiri m'mbuyo mwake ndipo ambiri mwa owaombera m'manjawo sadziwa dzina lake. Mkangano womwewu unalipo pa Graceland ya Paul Simon mu 1986.

Namiwawa_88
Ndikukumvani aphunzitsi, ndipo za ndalama ndi ulemu mukunena zoona. Koma WITCH imene madala atiuzayi inatenga kwa Rolling Stones ndi Jimi Hendrix, iwonso anatenga ku blues. Gitala yakhala ikuwoloka nyanja uku ndi uku. Komanso woyimba wa Vampire Weekend, Ezra Koenig, anayimba limodzi ndi Esau Mwamwaya wathu pa chimbale cha The Very Best cha 2009, Warm Heart of Africa. Esau ankagulitsa katundu wakale m'kashopu ku London, m'modzi mwa anyamata opanga nyimbo otchedwa Radioclit anabwera kudzagula njinga, ubwenzi n'kuyambira pomwepo. Pa chimbale chimenecho Chichewa ndiye chili kutsogolo, mlendo ndi Koenig. Anzanga ambiri akunja anamva Chichewa koyamba pamenepo.

MphunzitsiChirimba
Cha The Very Best ndilibe nacho mawu, ndimachikonda. Dandaulo langa likadalipo pa chinacho.

NaphiriWaSoche
Alipo anapita ku Lake of Stars ya 2011 ku Mangochi? A Foals anayimba kumeneko. Ine ndinapita chifukwa cha oyimba athu, Foals sindinkawadziwa. Magitala awo awiri ankalukana pamwamba penipeni pa khosi la gitala, timawu tating'onoting'ono tothamanga, ndipo anyamata amene ndinaima nawo pamchenga anayamba kuvina ngati ndi sebene. Nditabwerera ku Blantyre ndinafunafuna Total Life Forever ya 2010. Nawonso ndi a ku Oxford, a Chiperoni, kwawo kwa anzanu aja.

AmapianoBasi
Ndabweranso. Ndayesa OK Computer, ndafika nyimbo yachinayi, sindinathe. Si yanga. Pali china chimene munthu angavine?

ZingwangwaRiff
Yesa choyamba cha Arctic Monkeys cha 2006. Anyamata a ku Sheffield asanakwane n'komwe zaka 21, nkhani zake ndi za Lachisanu usiku: mzere wa pakhomo pa malo ovinira, alonda okukaniza kulowa, kulimbirana takisi, mtsikana amene sakukuyang'ana. Ndi Blantyre ya mwezi ukatha. Ng'oma zake sizipuma.

BeziYaNdirande
Ayi, mupatseni Afrique Victime ya Mdou Moctar, 2021. Mtuareg wa ku Niger, amaliza ndi dzanja lamanzere, gitala yake yoyamba anapanga yekha ndi mawaya a mabuleki a njinga, monga mmene ana a kwathu amapangira ya chigubu. Nyimbo zake zimayamba pang'onopang'ono ndi kuwomba m'manja, kenako ng'oma zimanka zithamangirathamangira mpaka gitala imachita ngati yapsa. Ngati amapiano umawakondera kubwerezabwereza kumene kumakunyamula pang'onopang'ono, apa upeza zomwezo.

AmapianoBasi
Akulu a bezi, nyimbo ya dzina la chimbaleyo ndaibwereza katatu. Pamene ng'oma zikuyamba kuthamanga paja ndinadzuka pampando. Iyi ndiye ikubeba. Ndimvera chonse usiku uno, koma za Radiohead sindinasinthe maganizo.

WaKaunjikaLimbe
Unplugged ija ndamvera dzulo ndikulongedza katundu. Nyimbo yomaliza ndinasiya kupinda zovala. Mnyamata ameneyu anali ndi chinthu chomudya mkati. Tisheti imodzi ya Nirvana ndaichotsa pa mulu, sindigulitsa.

Chiperoni97
Sindimayembekezera kuti tikhala ochuluka chonchi. Ndili ndi ganizo. Bwanji sabata iliyonse tizisankha chimbale chimodzi, aliyense amvere kwawo kuyambira koyamba mpaka kumapeto osadumpha, Lamulungu madzulo tizibwera muno kudzakambirana? Chimodzi cha kunja, sabata yotsatira cha kuno ku Africa. Loyamba ndikupempha madala atisankhire.

KabazaMachinjiri
Ndili momo, bola muzinena msanga kuti nditsitse ndi bandulo ya usiku.

ZingwangwaRiff
Sabata yachiwiri In Utero, ndanena kale.

NaphiriWaSoche
Yachitatu ikhale ya mzimayi. Mwatchula amuna okhaokha kupatula Dolores ndi Rosetta. PJ Harvey anapambana mphoto ya Mercury kawiri, mu 2001 ndi mu 2011, ndipo Brittany Howard pa Sound & Color ya Alabama Shakes ali ndi mawu oti a kwaya muno mukawamva mudzagwira pakamwa.

MadalaAKaseti
Tiyambe ndi Africa ya Amanaz. Muimvere usiku, ana atagona. Pa intaneti mupeza mitundu iwiri ya chimbale chomwecho, wina mawu ake ndi ouma, wina ali ndi kamkokomo ngati akuyimbira m'holo yopanda anthu. Tengani uliwonse, koma musasakanize. Mukafika pakati muime kaye pang'ono, mumwe madzi, ngati mmene tinkadikirira mkulu wanga kuti atembenuze mbale. Muli nyimbo ina imene dzina lake likuyamba ndi liwu lathu lakuti khala. Mkulu wangayo anatisiya kalekale, ndipo imeneyo ndi imene ankaikonda. Lamulungu ndidzakuuzani zina za iye.